Ambulera ya a Sajeni

Kunja kukamayamba kuyera, achimwene amakhala atadzuka kale. Ndimawamva kuchipinda chakumbuyo akupukuta nsapato ndi kansanza konyowa, chifukwa polishi anakwera mtengo ndipo tinasiyana naye mwamtendere. Ine ndimasita jekete lawo lobiriwira, la mabatani achitsulo, lomwe manja ake amathera pamwamba pa wotchi. Tikapemphera, amatenga chikwama chawo chachitali chakuda n'kuchikoleka paphewa mosamala ngati mwana wodwala. Anthu amumsewu mwathu amapatuka akachiona. M'kati mwake muli ambulera.

Achimwene anabwera kudzakhala nane amuna anga atatisiya. Nthawi imeneyo ankapakira katundu m'mabasi a maulendo ataliatali. Ndi munthu wamtali, wosaseka, koma kusasekako ndi dzino lomwe lawavuta kwa zaka zambiri. Khoswe akalowa m'nyumba ndimapha ndine. Iwo amapita kukaona ngati geti latsekedwa.

Kenako msewu unaipa. Pali chigawo cha nkhalango pomwe achifwamba anayamba kupingasa zipika, n'kumalanda okwera mafoni, ndalama, ngakhale nsapato zikakhala zabwino. Eni mabasi analemba alonda amfuti, ndipo pa tikiti panawonjezeka ndalama ya chitetezo. Mafuta atakweranso, bwana wa achimwene anaona kuti mlonda akudya ngati injini. Anamuchotsa. Ya chitetezo ija anaiwala kuichotsa, poti munthu wotanganidwa sakumbukira zonse.

Ndiye tsiku lina anawaona achimwene ataima pafupi ndi buti ya basi, dzino likuwawa, nkhope ngati ya woweruza milandu. Anawaitanira mu ofesi nawapatsa jekete, chipewa ndi chikwama chija. Anawauza kuti ntchitoyo ndi yosavuta: kukhala pampando wakutsogolo pomwe aliyense wobisala m'thengo angawaone, osaseka, osawodzera, ndipo chikwamacho osachitsegula zivute zitani. Kondakitala anawatcha a Sajeni, dzinalo n'kumera.

Ndinawafunsa achimwene ngati limeneli si bodza. Anati iwo sanauzepo munthu kuti muli mfuti. Ndinati Mulungu amaona za m'zikwama. Anayankha kuti ndiye nkhani yabwino, chifukwa Iyeyo akudziwa kuti pabasi yonse wofunika chitetezo kwambiri ndani. Ndinapitiriza kusita.

Basi yawo inayamba kudzaza msanga kuposa zina. Anthu omwe anali atasiya kukaona abale chifukwa cha mantha ankati bola kulipira zambiri n'kukafika ndi nsapato zako. Amayi a geni anayamba kuwapatsa achimwene ndalama ndi mafoni kuti awasungire. Moti basi ikamalowa m'nkhalango, chuma chonse cha anthu chimakhala m'matumba a munthu mmodzi, wokhala pawindo lakutsogolo, mabatani akuwala. Achifwamba akanadziwa, akanawathokoza powasonkhanitsira.

Nyengo ya mvula, masanasana, anapeza chimtengo chitagona pakati pa msewu. Dalaivala anaponda mabuleki. Wina anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi koma anaisiyira panjira. Kondakitala, yemwe amadziwa bwino za m'chikwama, anadzipinda pansi pa mpando, n'kuyankhula ali komweko:

"A Sajeni, tsikanitu. Anthuwa analipira."

Anatsika. Dzino linagwira nkhope bwinobwino. Anaima pamsewu kudikira imfa. Sikunatuluke munthu, chimtengocho chinagwetsedwa ndi mphepo chabe. Chomwe chinabwera ndi chimvula. Anthu onse maso ali pawindo, achimwene anaima pomwepo n'kunyowa mpaka m'kati, ambulera ili paphewa, kufikira amuna ena atalimba mtima n'kutsika kudzakankha chimtengocho.

Pofika kudepoti nkhani inali itamera nthambi. Ankati gulu la achifwamba linathawa litangoona a Sajeni. Mayi wina analumbira kuti anamva mfuti ikulira kawiri. Bwana sanatsutse. Anakweza ya chitetezo, nalembetsa kumbuyo kwa basi ndi penti yofiira kuti Yotetezedwa. Achimwene anagona sabata yathunthu ndi chifuwa, ndipo masikuwo bwana anawadula pa malipiro, poti basi inayenda yopanda chitetezo.

Tsopano dalaivala akuti pamalo odyera apanjira pakumabwera amuna achilendo, ofunsa kuti sajeni uja amakwera masiku ati, nanga mfuti yake ndi yamtundu wanji. Akuti mfuti ili ndi msika masiku ano. Ndinawapempha achimwene kuti abwerere kopakira katundu. Anati kumeneko anachepetsa anthu, chifukwa okwera sanyamulanso zambiri. Anandikumbutsanso mofatsa kuti mwini nyumba ino salandira mapemphero. Ananditchula kuti mlongo, monga amachitira akafuna kuti nkhani ithe. Ananena zoona, ngakhale sindinazikonde.

M'mawa uno ndinasokerera batani lomwe limalendewera, n'kulipukuta pang'ono chabe kuti lisawale kwambiri. Akuvala, ndinawafunsa ngati bwana anayankha zija. Anapukusa mutu. Zijazo ndi funso lomwe anafunsa bwana tsiku loyambalo, atangolandira chikwama. Bwana anali pafoni akukangana ndi wogulitsa dizilo, ndipo anangokweza chala chimodzi kuti adikire pang'ono. Achimwene anali ataima pakhomo la ofesi, chipewa chili m'manja, pomwe ankafunsa kuti:

"Bwana, chonde mundiuziretu. Tsiku lomwe adzatulukedi m'thengomo, ndidzatani nayo ambulerayi?"