Katemela wa Laputopu ya aStanislaus

Jessy Daka, amene ambili amamudziwa kuti amake Karen, amagulitsa nthochi ku Nyimba, pamene amaima mabasi ochokela ku Lusaka. Si munthu wa mawu ambili. Anzake akamathamangila mawindo a basi akukuwa, iye amangokweza mbale yake m'mwamba n'kudikila, ndipo amene amagula kwa iye ndi aja otopa ndi phokoso.

Kwawo ndi ku Nyampande. Ku Nyimba anabwela ndi ukwati. Amuna ake, aStanislaus, anali osoka nsapato pamsika komanso ophunzitsa kwaya kutchalitchi, munthu woimba ngakhale ulusi uli kukamwa. Anagula laputopu yakale kwa mphunzitsi wina amene anali kusamuka, kuti azisungilamo nyimbo za kwaya.

Tsiku lina kukutentha, Karen ali khanda lovuta kugona, aStanislaus anayatsa kamela ya laputopu ija. Anakhala pampando osavala malaya, mwana ali pachifuwa, n'kuyamba nyimbo yongopeka pomwepo, yonena za mphuno ya mwanayo kuti anaiba kwa ambuye ake. Nkhope ya Jessy siinaoneke, koma kuseka kwake kunamveka, ndi mawu akuti, "Lekani imwe, muzamuutsa!"

Karen asanayambe kuyenda, atate ake anadwala masiku ochepa n'kumwalila. Achibale anagawana njinga, jekete ndi zida zosokela. Laputopu anaisiya poti batile yake inali yakufa, inkayaka pokhapokha ili pamagetsi. Motelo mwana anakula akudziwa kuti atate ake amakhala m'menemo. Lamlungu lililonse akaweluka kutchalitchi ankakoka chitenje cha amake.

"Amama, yatsani atata."

Mlongo wake wa Jessy, Josphat, ndiye anamuopseza kuti makompyuta amagwidwa ndi matenda otchedwa mavailasi n'kuiwala zonse. Jessy anakulunga laputopu m'chitenje ngati mwana, n'kukwela minibasi ya ku Petauke, kushopu ya aEustace okonza makompyuta.

"Bambo, nifuna mankhwala a kompyuta."

"Yadwala chani, amai?"

"Siinadwale. Nifuna isadwale."

"Eya! Koma ndimwe ochenjela. Ena amabwela nayo ili kale m'bokosi, ati iukitseni, monga ndine mneneli."

Anamuyalila timabokosi patebulo. Panali antivailasi yaulele yochita kukopela pa intaneti, panali yogula ya kompyuta imodzi, ina ya banja lonse, ina yoteteza ndi kwa akuba a pa intaneti. Jessy anangoyang'ana zithunzi zake.

"Mumangena pa intaneti?"

"Iyai. Timangoonelapo atate ake mwana."

"Ndiye iyi yaing'ono ikwana. Antivailasi ni monga katemela, amai. Mwabayitsa, mwana agona bwino."

Ananenanso zina, za kuapudeta ndi za chaka, koma makina a fotokope anali kulila pambali, kumbuyo kuli anthu odikila, ndipo Jessy anachita manyazi kufunsa kawili. Mawu a katemela okha ndiwo anawamva bwino. Zimenezo ankazidziwa. Karen ali ndi chipsela paphewa, ndipo palibe nesi amene ananenapo kuti chipselacho chimatha mphamvu. Anasankha kabokosi kokhala ndi chithunzi cha chishango, nabwelela kwawo mtima uli pansi.

Mvula inagwa n'kutha. Pakona ya galasi la laputopu panayamba kutuluka kachizindikilo kofiila ndi mawu a Chingelezi. Jessy ankakatseka mosadandaula, poganiza kuti ndi mankhwala aja akudzionetsa kuti ali maso.

Itayandikila nthawi yovundukula chiliza cha aStanislaus, akwaya anafuna kuyeseza nyimbo zimene malemuwo anawaphunzitsa. Anayamba kufika pakhomo, uyu ndi fulashi, uyu ndi memoli kadi ya mufoni, ena ochokela mpaka ku Msanzala. Timakadi timeneto tinali titayenda m'mashopu onse oikamo nyimbo. Koma anthu amene anakuimbila pamalilo a mwamuna wako sungawabweze pakhomo. Ndiponso laputopu inali yobayidwa kale. Jessy anapatsa aliyense nyimbo zonse za kwaya.

Amai Sophia, apampando a kwaya, anaona kavidiyo ka mwana kaja.

"Aka nako tiikileni, amake Karen. Tizisekako tikawayewa malemu."

Jessy anagwetsa maso pansi. Munali mwamuna wake wosavala malaya, munalinso kuseka kwake, kumene anthu a ku Nyimba sanakumvepo.

"Kaja ni ka m'nyumba, amai."

Chiliza chinavundukulidwa bwinobwino. Pambuyo pake laputopu inayamba ulesi, kenaka kuzima yokha, kenaka inakana kuyaka mpaka kumapeto. Karen analila Lamlungu limenelo. Josphat sanathe kupilila misozi ya mphwake. M'mawa mwake, Jessy ali kumsewu, anatenga laputopu n'kupita nayo kwa aWebster, oika nyimbo m'mafoni pafupi ndi siteshoni. Anabwela nayo madzulo akumwetulila mpaka mano onse.

"Alongo, yapola! Aifomata yonse, aipukuta mbee, ithamanga monga yanyowani. Atiikilanso mafilimu mpaka kudzaza, mbasela!"

Jessy anayatsa. Inayakadi msanga. Munali mafilimu a nkhondo, a nkhonya, a zidole za ana. Anatsegula paliponse pamene ankadziwa kutsegula, koma kavidiyo kaja munalibe. Anazimitsa, n'kuyatsanso, n'kuyambanso kufuna.

Kwa aEustace anafika osapeleka ndi moni womwe.

"Bambo, si munaibaya katemela?"

AEustace anamvetsela nkhani yonse, nagwila pakamwa.

"Amai, uja ni wa chaka chimodzi. Ukatha mumagula wina, ndipo ufunika intaneti kuti uzidziwa mavailasi atsopano. Sininakuuzeni?"

"Munakamba kuti katemela."

Munthu wanthabwala uja anabweza anthu a fotokope, nakhala pa laputopuyo masana onse. Potsiliza anafotokoza kuti kufomata kokha sikukadapha zonse, zina akadazivuula. Koma mafilimu a mbasela aja anagona pamalo penipeni pamene panali zakale, n'kuzifafaniza.

"Kavidiyo kameneko, palibe amene munamukopelako?"

Jessy anapukusa mutu.

Jessy sanamukalipile Josphat. Mlongo wakeyo ankabwela yekha m'mawa kudzamusenzela mikoko ya nthochi, osamuyang'ana kumaso, ndipo onse awili ankalankhula za mitengo ya nthochi basi.

Nkhani itamveka kutchalitchi, amai Sophia anabwela ndi foni yao. Nyimbo za kwaya zinalimo zonse, palibe inasowa. Anakhala pakhonde, Karen ali pamiyendo ya amake.

"Atata ali kuti? Siniwaona."

"Alimo, mwanawe. Mvetsela chabe."

Kwaya yonse inali kuimba pamodzi. Mawu a aStanislaus anali opyapyala, okwela, ndipo Jessy ankawagwila pang'ono n'kuwataya, ngati munthu amene wamuona pagulu la pamsika. Kenaka besi wamkulu anatulukila yekha pansi pa onse. Karen analumpha n'kuwomba m'manja.

"Awo! Atata awo!"

Anali aBenson opala matabwa, amene ali moyo ndipo amakhala kuseli kwa msika. Amai Sophia anayang'ana Jessy. Jessy anatsegula pakamwa, n'kuona mmene nkhope ya mwana inawalila, natsekanso.

"Bwezelani pamene paja, amai," anatelo. "Awamvenso."

Masiku ano laputopu ili ndi antivailasi yatsopano, aEustace anaiika okha, koma imangoonetsa mafilimu a zidole. Kumsewu, mabasi akachoka, anzake amamumva Jessy akuimba chapansipansi za mphuno ya ambuye. Mawu ake akuwakumbukila onse. Koma pakati pa nyimboyo pali pamene aStanislaus ankakweza n'kukhota, ndipo akafika pamenepo amaima, n'kuyambilanso poyamba.