Peyala la Mkamwini

A Isake anali mkamwini ngati ine. Iwo anachokera ku Mitundu, ine ku Diamphwe, tonse tinadzakwatira m'mudzi umodzi kuseri kwa Nathenje, ndipo madimba athu anagundana malire kudambo. Ndikati madimba athu ndikungodzikometsa pakamwa. Anali madimba a akazi athu, ife tinali ogwira makasu chabe.

Anali munthu wamfupi, wamatewe, wosachedwa kutuluka thukuta. Chipewa chawo cha mlaza chinali chobooka pamwamba, moti tinkawaseka kuti dazi lawo nalonso likufuna dzuwa ngati tomato. Malowo anawapeza ali bango ndi nsenjere zokhazokha. Anazula zonsezo, nakumba zitsime ziwiri, namanga mpanda wa minga woletsa mbuzi, ndipo chitseko chake cha bango analuka okha. Mpiru wawo unkadziwika pamsika wa Nathenje, amayi ankachita kuufunsa ndi dzina.

Dzuwa likafika paliwombo tinkatula makheni athu othirira n'kukhala pachulu cha m'mphepete mwa dimba lawo, ine, iwo ndi mnzathu wina, a Matthews, tikupichira fodya wa chingambwe m'makoko a chimanga. Pamenepo ndiye panali pabwalo lathu la madandaulo. Masiku amenewo sunkangodandaula chilichonse, chifukwa ngakhale udzu unkamva. Za makadi a chipani amene ankatifunsa polowa mumsika tinkazimezera limodzi ndi utsi. Koma mvula, mbozi ndi nsabwe za m'masamba zinalibe wokatinenera, choncho tinkazinyoza mpaka mtima utsike.

Kwa a Matthews chaka chilichonse chinali choipa kuposa chinzake. Chizimalupsa sichinkabweranso pa nthawi yake, chisanu cha mwezi wa Juni chinkawawula tomato, ndipo zonsezi ankati ndi ndege zimene zikuboola mitambo. Ine mdani wanga anali mlangizi wa zaulimi, kamnyamata ka panjinga kobwera ndi chingwe kudzatiphunzitsa mizere, chikhalirecho m'manja mwake munalibe ndi thuza lomwe. A Isake mdani wawo anali nsabwe. Sankadutsa tsamba osalitembenuza. Ankaviika misinde ya fodya m'madzi, kuthiramo phulusa, n'kumawaza ndi tsache. Mankhwala a ufa a m'sitolo ankawakana, ati amapha ndi achule omwe, ndipo dimba losalira chule iwo silinkawasangalatsa.

Munthu wochenjera chotere ndiye anachita chinthu chimene mkamwini aliyense amachidziwa kuti sachita. Chaka china akazi awo, a Zipora, amene iwo ankawatchula kuti Nabanda, atagonekedwa kuchipatala, mayi wa pabedi loyandikana ndi lawo anawagawira peyala. Anali asanalilawepo. Anabwera ndi nthangala yake atayimanga pansonga ya chitenje, ndipo a Isake anaibzala pachulu pathu paja.

Tinawauza, osati kamodzi. Mkamwini amabzala mpiru, anyezi, nzimbe, akalimba mtima nthochi, zinthu zoti adye maso ali kuona. Mtengo ayi. Mlendo ndi mame, ndipo kuchikamwini munthu umakhala mlendo ngakhale imvi zimere. Nkhani yawo inali yovutirapo, poti mwa ana awo anayi atatu anamwalira ali aang'ono, wotsalayo anapita ku Halale n'kutchona. Analibe mwana wamkazi woti tsiku lina adzaimirire n'kunena kuti bambo anga sachoka pano.

"Nabanda akufuna mapeyala," anatero a Isake, akuzika timitengo kuzungulira mbande ija. "Ndikawauze kuti chiyani?"

Mtengowo unakula mwaulesi. Unatenga zaka ukungochita masamba, ife n'kumakhala pamthunzi pake tikuunyoza. A Matthews ankati ndi mtengo wamphongo, audule apangire mipini. A Isake ankangoseka, n'kuthira kheni yomaliza ya tsikulo patsinde pake.

Unachita maluwa chaka chimene miyendo ya a Zipora inatupa. Kudimba sankathanso kufika, ndiye a Isake anathyola kanthambi ka maluwa n'kukawaonetsa pamphasa. Ndinamva chisoni nditawaona akukwera mtunda atakanyamula ndi manja awiri ngati kamwana ka nkhuku. A Zipora anamwalira mvula isanagwe, timapeyala tili ngati nsawawa.

Nthawi imeneyo n'kuti ulendo wa ku Joni utatsekedwa, anyamata a kumigodi a Wenela akubwerera kumudzi. Mmodzi wa iwo anali Yona, mwana wa mng'ono wawo wa a Zipora, amene anabwera ndi wayilesi, jekete lachikopa ndi mkazi, koma polima analibe. Ku Lilongwe nako mzinda watsopano unali kumangidwa, ndipo malole ankaima pamsewu wa Nathenje kufuna kabichi. Dambo limene kale ankatiponyera ife akamwini linasanduka la mtengo wapatali.

Atameta maliro, a Davide, mlongo wawo wa malemuwo, anaitanitsa a Isake. Ine ndinapita nawo monga mnzawo. Panalibe kukalipa, ndipo ndicho chimandipweteka mpaka lero, bola akanatukwana.

"Alamu, mlongo wathu munamusunga bwino," anatero a Davide. "Tilibe nanu chifukwa. Takumasulani, mukapume kwanu."

A Isake anathokoza. Kenaka anapempha chinthu chimodzi, kuti akhaleko mpaka mapeyala akhwime, alawe limodzi basi. A Davide anayamba kufotokoza kuti mwambo sauyamba iwo, kuti Yona ayenera kukonzeratu dimbalo, kuti munthu womasulidwa akachedwa pamudzi anthu amayamba kulankhula. Anawapatsa nkhuku ya paulendo. M'mawa mwake a Isake ananyamula khasu, mphasa ndi nkhuku ija. Kheni anandisiyira ine, ati kumene akupita dambo lili kutali.

Dzinja limenelo pachulu panazizira. A Matthews ankayamba za ndege, koma panalibe wowatsutsa, nkhani n'kuthera panjira.

Mvula itatha, chimanga chikuuma m'minda, ndinaona munthu akutsika njira ya kudambo. Ndinazindikira chipewa ndisanazindikire mwini wake, poti anali ataonda. Anayenda wapansi kuchokera ku Mitundu. Atafika pachitseko cha bango chija, choluka iwo omwe, anaima navula chipewa.

"Odi kuno!"

Ine kheni inandigwa m'manja. Yona sanali mwana woipa, zimenezo ndisamunamizire. Anathamanga kukatsekula, nati lowani bambo, n'kuwayalira thumba pamthunzi. Dimba linali litasintha. Mpiru kunalibe, kunali kabichi yekhayekha m'mizere ya chingwe, atachita mbuu ndi mankhwala, wayilesi ikuimba pamwamba pa chulu. Podutsa a Isake anawerama kuti atembenuze tsamba monga mwa chizolowezi chawo, koma dzanja linabwerera lisanafike. Anakumbukira kuti ndi za eni ake.

Mtengo unali utalemedwa, nthambi zina atazichirikiza ndi mphanda. Yona anakwera nathyola mapeyala angapo, kenaka anatulutsa limodzi lofewa kale limene analivundikira m'thumba la gaga. Anawapatsa atanjuta, monga timaperekera kwa alendo. A Isake anawomba m'manja, kuthokoza mwana amene anabadwa iwo atakumba kale zitsime zija. Mkwiyo unandigwira, koma ndikanakwiyira ndani? Palibe analakwa mwambo.

A Matthews anabwera, tinakhala atatu ngati kale. Tinayesa kudandaula. A Matthews anati mvula yatha msanga, ine ndinati mbozi chaka chino zikudya ndi anyezi omwe. A Isake ankangogwedeza mutu. Titawafunsa za ku Mitundu anati adzukulu awo ndi ana abwino, sawamana chakudya, koma amalima fodya yekha, ndipo iwo ntchito yawo n'kuingitsa nkhuku pakhomo. Anthu amati kwanu n'kwanu, koma onse amene ankawadziwa kumeneko anali atagona kumanda.

A Isake anadula peyala lija ndi kampeni kawo komezanitsira, natigawira tonse, chawo n'kudya pang'onopang'ono, osasiya kanthu pakhungu.

"Nabanda sananame," anatero. "N'lokoma."

Misozi inali kutsika, osaipukuta. Nthangala anaisenda kakhungu kake, naitembenuza m'manja nthawi yaitali. Ndinawafunsa ngati akaibzale ku Mitundu. Anapukusa mutu, ati zaka zodikirira mtengo wina alibenso. Kenaka ananditambasulira dzanja.

"A Maliko, inu akazi anu ali moyo. Kabzaleni."

Ndinayang'ana nthangalayo, ndinayang'ana Yona akuthirira kabichi ndi madzi a m'chitsime cha a Isake. Kwathu nakonso kunali ana a alamu anga ongobwera kumene ku Joni.

"Achimwene, ine ndine mkamwini," ndinatero.

Anabweza dzanja lawo pang'onopang'ono. "Mwachenjera," anatero, opanda chipongwe chilichonse. Chibadwire changa sindinayamikiridwepo ndi mawu owawa ngati amenewo.

Ananyamuka dzuwa likadalipo, mapeyala aawisi aja atawamanga m'kansalu, nthangala ili m'thumba la malaya. Potuluka anatseka chitseko bwinobwino, namanga ndi luzi monga ankachitira masiku onse, kuopa mbuzi. Uthenga wa maliro awo unatipeza mvula isanayambe. Anaikidwa ku Mitundu, kutali ndi a Zipora.

Mtengo uja ulipobe, umabereka chaka ndi chaka. Ana a pamudzi pano amautchula kuti peyala la a Yona.