Mawu a Lusekelo Anapsera Kudenga

Inu owerenga, ine ndinawononga mawu a mng'ono wanga ndi manja angawa, chifukwa cha mantha.

Kwathu n'ku Kaporo. Masiku a chipani chimodzi aja ndinkaliza lipenga, mng'ono wanga Lusekelo n'kumayimba. Nyimbo zathu zinali za jazi, koma tinkathiramo fanki ndi sowulu zomwe tinkatola pa wailesi zakunja, pansi pake n'kuyala nyimbo za kutchalitchi za m'Chinkhonde. Lusekelo akakweza mawu, ngakhale chidakwa chinkayamba chatula botolo.

Ku Mbeya kunali bambo wina wa kakampani kakekake kojambula nyimbo. Tinaoloka Songwe mozemba, tinajambula, iye n'kutipatsa mbale imodzi yoyesera. Zina sizinatuluke, kakampaniko kanagwa.

Nthawiyo kupezeka ndi nyimbo zojambula ku Tanzania kunali kudziputira achinyamata a chipani. Tsono munthu wa ku Kaporo sabisa chinthu pansi, amaopa madzi osefukira. Ndinakulunga mbaleyo m'chitenje n'kuipanikiza kudenga, pakati pa mtanda ndi lata.

Chaka chomwecho malungo anamutenga Lusekelo. Maliro atatha, mayi anayamba kundichonderera: "Mwanangu, kabwereke galamafoni kwa aphunzitsi, ndimumveko kamodzi kokha." Ine ndinkangoti dikirani, anthu atimva. Anapempha mpunga uli m'munda, anapempha tikukolola, mpaka chilimwe chinakula. Tsiku lina anandigwadira, mayi ondibala. Apo m'pamene ndinakwera.

Dzuwa la ku Karonga mukulidziwa. Mbale ija ndinaipeza itapindika ngati chikopa chouma. Ndinaipsinja ndi mtondo, ndinaigoneka pansi pa thumba la mpunga, ndinaipempherera ndikulira. Pa galamafoni singano inkangodumpha. Ndinathamangira ku Mbeya osaopanso kumangidwa, koma m'nyumba tinajambulira muja ndinapeza akugulitsamo mchere ndi sopo, bambo uja palibe womudziwa.

Mayi sanandikalipire, ndipo n'zimene zimandiwawa mpaka lero. Anangondipempha kuti ndiyimbe mmene ankayimbira malemu. Ndinayesa. Anamvetsera pang'ono, kenaka anati, "Basi mwanangu, leka."

Abale anga, zengerezu adalinda kwawukwawu. Munthu wosweka mtima akakupemphani chinthu chimene muli nacho, mpatseni tsiku lomwelo, mantha mudzachite pambuyo. Mayi anga anatsikira kumanda osamumvanso mwana wawo, chonsecho miyezi yonse ija ankagona mawu ake ali pamwamba pa mutu wawo.