Nthambi ya pa Mphambano

Ndinayamba uphunzitsi ndili kamtsikana kodzimva, kochokela kumene ku koleji, nsapato zogogoda kuphazi. Ananditumiza pa sukulu ina ya kumudzi pakati pa Petauke ndi Nyimba. Inali nthawi ya chipani chimodzi ija, pamene akuluakulu ankati mwana wa dziko lomasuka azilidziwa dziko lake ndi mapazi. Ndiye chaka chilichonse mvula ikatha, ana a kalasi yomaliza ankapita ulendo wa masiku awili kukakwela mapili a kumbali ya Luangwa. Chaka chimenecho ahedi anati wowapelekeza ndikhale ine.

Wotsogolela ulendo anali akalipentala a pasukulu, bambo wachikulile, Mnsenga wamfupi wosalankhulalankhula, amene ankatikonzela madesiki ndi zitseko. Pa unyamata wawo ankafula njuchi m'mapili omwewo, ndipo ankawadziwa ngati kuseli kwa nyumba yawo. Kulemba kokha ndiko sankadziwa. Choncho kutatsala masiku atatu anabwela m'kalasi mwanga, chipewa m'manja, kuti andiuze malamulo a ulendo, ine ndiwalembe pa bolodi ana akopele.

"Pokwela, mwala muziuponda kawili musanaukhulupilile," anatelo. "Ndipo mukapeza ndatseka njila, musalumphe."

Ine mumtima ndinati, aa, zolankhula za pamowa izi ndiziike pa bolodi? Ana anga a mayeso akopele zimenezi m'makope? Ndinagwila choko n'kulemba Chinyanja chosalala cha m'mabuku: Yendani mosamala. Tsatilani zizindikilo za mtsogoleli. Ndinadzitama nazo kwambili ziganizo ziwilizo, mpaka kuzidula mzele kunsi.

Kutseka njila n'chinthu chimene mwana aliyense wa kumeneko amakula nacho. Njila ikagawikana pawili, amene ali patsogolo amathyola nthambi yaiwisi n'kuigoneka mopingasa pa njila yolakwika. Obwela m'mbuyo akaiona amadziwa kuti uku ayi, n'kutenga inayo. Ana anga onse ankadziwa, kupatula mmodzi. Anali mtsikana wokulila ku Lusaka, amene anabwela chaka chomwecho kudzakhala ndi amalume ake, munthu wamkulu m'chipani ku Boma.

Tsiku lachiwili m'mawa, tikutsika phili, mtsikanayu anatsalila kuti amange lamba wa nsapato. Pofika pa mphambano anaiona nthambi, koma iye ankafuna chizindikilo, mwina muvi wojambula pamtengo. Anailumpha n'kumapita. Tinazindikila titafika pamtsinje wouma, ndikuwelenga mitu. Mayo ine! Mtsikana uja panalibe. Kumene analowelako kunkayenda njovu. Akalipentala anangovula jekete n'kubwelela chothamanga. Anatulukila dzuwa litapendeka, mwana ali kumsana, mapazi otupa, mawu atatha n'kulila.

Mwana anachila, koma nkhani sinachile. Amalume ake anakwiya koopsa. Anati sukulu yapeleka ana kwa nkhalamba yosaphunzila, ndipo ichotsedwe ntchito. Akalipentalawo nyumba yawo inali pamalo a sukulu, ali ndi adzukulu anayi amasiye, ndiye kuchotsedwa ntchito kunali kusamuka. Ahedi anandiuza kuti ndilembe lipoti m'Chinyanja, likawelengedwe pa msonkhano wa makolo ndi a chipani, kenako lipite ku Boma.

Ndinalemba bwino, eee, lokongola ndithu. Ndinati: Mtsogoleli anaika chizindikilo chimene mwana sanachizindikile. Munalibe bodza m'chiganizocho, koma ndinkadziwa chimene chidzachite. Chinkanditsuka ine, n'kusiya matope onse pa bambo aja. Ndikunena poyela lelo, ndinali ndi mantha, ndipo ntchito yanga ndinkaikonda kuposa chilungamo.

Pasukulu pathu panalibe makina otaipila, ndiye ndinapalasa njinga mpaka ku Minga, kwa amai ena amene ankataipa makalata kumeneko. Anali mai wonenepa, wa magalasi omanga ndi ulusi, wosaopa munthu. Anawelenga pepala langa mpaka pakati n'kuliika pansi.

"Chizindikilo chanji, aphunzitsi? Anakhoma chikwangwani m'thengo?"

"Iyayi amai, anatseka njila."

"Ooo, anatseka! Nanga osalemba choncho bwanji?"

"Si mawu a m'buku amenewo. Ili ndi lipoti la ku Boma."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mwana wanga, odzamva lipotili ndi anthu oti njila anaziyenda asanaone buku. Mukati chizindikilo, aliyense adzaganiza kuti mkuluyo anachita zake zosadziwika. Mukati anatseka, nkhani yatha. Kapena mwina simukufuna kuti ithe?"

Ndinapsa mtima zedi. Ndinawauza kuti ntchito yawo n'kutaipa, yophunzitsa Chinyanja ndi yanga. Iwo anangoseka, n'kuphimba makina awo ndi nsalu. Anati zala zawo zatopa, mwina zipepuka ndikalembanso. Anandipatsa pepala loyela, tiyi m'kapu yachitsulo ndi mbatata yophika, n'kundisiya ndekha pakhonde. Ndinakhala pamenepo nthawi yaitali, mbatata ili m'manja, ndikuwatukwana chamumtima. Kenako ndinalemba.

Ndinalemba mawu a akalipentala monga anatulukila m'kamwa mwawo, za mwala woponda kawili, za njila yotseka. Pansi pake ndinalemba zimene ine ndinaika pa bolodi m'malo mwake. Amai aja potaipa anafunsa ngati akonze kalembedwe kuti kafanane ndi ka m'mabuku a sukulu, pakuti ndinali nditalemba monga timalankhulila kwathu kuno. Ndinati asiye momwemo. Anagwedeza mutu, makina n'kuyamba kulila.

Msonkhano unachitikila m'kalasi mwanga momwe, makolo atapanikizana pa madesiki a ana. Akalipentala anakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko, chipewa pabondo. Ndinaimilila n'kuyamba kuwelenga. Nditangofika poti anatseka njila ndi nthambi yaiwisi, m'chipinda monse munamveka kung'ung'udza. Mai wina anafuula kuti, "Aa! Ngati anatseka, ndiye walakwa chiyani munthuyu?" Ndinapitiliza mpaka pa bolodi langa lija, ndipo pamenepo maso onse anatembenukila kwa ine. Manyazi ake sindidzawaiwala.

Amalume a mwana uja anaimilila. Nawonso anali mwana wa kumudzi, suti inangobwela pambuyo. Anafunsa bambo aja kuti nthambiyo inali ya mtengo wanji, ndipo atayankhidwa anangoti, "Ndiye anatseka bwino." Kenako ananditsukuluza ine pamaso pa anthu, mawu osasankha, ndipo kalata yondidzudzula inalowa m'failo yanga ku Boma. Inanditsata zaka zambili kalata imeneyo. Koma akalipentala anatsala pa ntchito, ndipo ulendo wa kumapili sunaletsedwe.

Amai otaipa aja ndimawayamika mpaka lelo, ngakhale sindinawauze, pakuti akanandiseka chaka chathunthu. Akanataipa pepala loyamba lija, bwenzi ndili mphunzitsi wa failo yoyela, koma munthu amene sindikanafuna kukumana naye pagalasi.

Tsiku lotsatila msonkhano uja ndinapita ku shedi kumene bambo aja ankapala matabwa. Ndinagwada pa utuchi monga mwana wa kwa anthu, nsapato zogogoda zili potelopo, n'kupepesa. Ndinati mpaka pa msonkhano paja sankadziwa kuti mawu awo ndinawasintha, ndiye ndinawapweteka mobisa.

Anaimitsa kupala. "Ndinkadziwa, aphunzitsi. Mdzukulu wanga anandiwelengela za m'kope mwake tisananyamuke."

"Nanga bwanji simunanene, bambo? Bwanji simunanene ngakhale pamene ankafuna kukuchotsani?"

"Inu mwangoyamba kumene," anatelo, akupukuta thabwa ndi chikhatho. "Ana akanamva kuti nkhalamba yosalemba yakonza aphunzitsi, akanakumvelaninso? Ndinati mwina munena nokha."

Ndinalila pamenepo, kulila kwenikweni kotulutsa mamina, iwo n'kumangopala thabwa lawo kuti ndisachite manyazi. Nditatonthola anandiuza kuti ndidzuke, utuchi uwononga dilesi, ndiponso kuti ndiwatumizile mpando wanga wa m'kalasi chifukwa anaona pa msonkhano kuti mwendo umodzi ukugwedela.