Tsiku Limene Amayi Anatsitsa Chishalo

Ndinali ndi zaka khumi pamene ababa anapita ku Joni kukasaka ntchito. Anatisiyira njinga yawo yakuda ndi lamulo limodzi, lomwe ananena akumanga chikwama: "Amake Esinati, njingayi muzikwera, koma chishalo chokhacho musachikhudze. Ndidzachipeze pomwe ndachisiya."

Ababa anali aatali, pamene amayi ankawalekeza m'khwapa. Komabe njingayo ndiyo inkatidyetsa. Amayi ankagula chimanga m'midzi ya kwa Kalembo n'kukagulitsa pa Ulongwe, ndipo masiku opanda sukulu ndinkawatsatira kuti ndiziwakankhira pazitunda. Ndili kumbuyoko ndinkaona mmene ankavutikira. Kuti phazi lifike pa pedulo, chiuno chinkapendekera uku ndi uku, ndipo zinkagunda ndi zala zokha. Pofuna kuima ankachita kudumpha, thumba lili pakaliyala. Madzulo ndinkawathowa m'chiuno ndi kuseri kwa mawondo ndi kansalu ka madzi otentha, iwo atangoluma mano.

Kumjigo anthu ankaseka kuti amake Esinati amavina manganje panjinga. Ine sindinkasamala. Chaka chinatha, china chinalowa, ababa anasiya kuimba foni, ndipo ndikaona chishalo chili m'mwamba mtima unkakhala pansi kuti akubwera ndithu.

Tsiku lina tikutsetsereka kulowera kumsewu wa tala, ine ndikuthamanga pambuyo, minibasi inangotulukira. Amayi anagwira mabuleki, phazi linafunafuna pansi koma silinafike. Anagwa, njinga ndi thumba zinawapsinja, ndipo matayala a minibasiyo anadutsa pafupi ndi mutu wawo. Mpaka lero ndimamva fungo la mphira wopserera, ndimaonanso chimanga chili mbwee pamsewu.

Anadzuka osalira. Titatola chimanga chija, anakankha njinga mpaka pamtengo wa mango pomwe Che Saidi, bambo wachikulire wa kapu yoyera, ankakonzera njinga.

"Mayi, njinga iyi si ya msinkhu wanu," anatero Che Saidi. "Idzakupwetekani."

"Yandipweteka kale. Ndi ya amuna anga. Munditsitsireko chishalo."

"Iyayi amayi!" ndinakuwa. "Paja ababa anati chiyani?"

Amayi anandiyang'ana, magazi akuyenderera pachigongono. "Esinati mwana wanga, ababa ako akadzabwera, ukufuna adzapeze chishalo kapena adzapeze ine?"

Nati ya chishalo inali itachita dzimbiri, moti Che Saidi anaithira palafini asanaigwire ndi sipanala. Kenako anagwira njingayo, anawakweza amayi, n'kuwauza kuti aike chidendene pa pedulo ili pansi. Anatsitsa pang'onopang'ono mpaka mwendo unawongoka chiuno chisanapendeke. Amayi atapempha kuti atsitsebe, anakana: "Tikatsitsitsa, mawondo adzalira pachitunda. Apa ndi penipeni." Kamzere ka pampini wa chishalo kamene kankasonyeza msinkhu wa ababa kanalowa m'kati mwa chitsulo ine ndikuona.

Pobwerera amayi anandikweza pakaliyala. Njinga inkayenda mosagwedezeka, koma ine ndinalira njira yonse. Ndinkaona ngati awataya ababa, ndipo ndinawakwiyira masiku ambiri.

Ababa anabweradi, ine nditamaliza pulayimale. Anabwera akudwala, ataonda moti sakanatha ngakhale kukankha njinga. Amayi ndiwo ankawanyamula pakaliyala kupita nawo kuchipatala, mwezi ndi mwezi, ababa atawagwira m'chiuno, mpaka tsiku limene anatisiya. Za chishalo sanafunsepo.

Lero ndine mayi wa ana anga, ndipo zimandiwawa ndikaganiza kuti amayi anapirira ululu nthawi yonse ija pofuna kusunga mawu a mwamuna wawo. Ndili mwana ndinkayesa kuti kudikira munthu ndi kusunga zinthu mmene anazisiyira. Chishalo chija chikanakhalabe m'mwamba, ababa akanadzachipeza ndithu, koma wowapalasa kupita nawo kuchipatala sakanamupeza.