Mpaka chifuwa chiume

Ntchito yanga yoyamba ya unamwino ndinaipeza chifukwa anzanga anaikana. Chinali chipatala chaching'ono cha m'mapiri, kupitirira Chamama, ndipo ine ndinavomera poti kukhala pakhomo kunali kutandikwana. Ndinapezako zipinda zitatu, kabati ya mankhwala, ndi a Mwale, dokotala wachikulire wosachedwa kukalipa. Foni inkagwira pamwamba pa kaphiri ka kuseri kwa chipatala basi.

Tsiku lina mu Okutobala, a Mwale atapita ku boma kukatenga mankhwala, panafika ngolo itanyamula tenanti wa pa esiteti ya fodya. Mkazi wake anati bamboyo amapopera mankhwala a tizilombo ku nazale, sipuleya n'kumamudonthera pamsana m'mawa wonse. Thovu linali kukamwa, thukuta lili kamukamu, timboni ta m'maso titachepa ngati nsonga ya singano. M'chifuwa munkamveka ngati madzi akuwira.

Ndinavala magolovesi, kumuvula malaya, kumusambitsa ndi sopo, n'kumuika diripi. Kenako ndinamubaya atiropini, mankhwala oumitsa madzi a m'chifuwa, timabotolo tiwiri. Sipanasinthe kanthu. Nditatenga kachitatu dzanja linakana, pakuti kusukulu anatiuza kuti atiropini akachuluka amathamangitsa mtima. Ndinkadziona kale ndikufotokozera akuluakulu m'mene ndaphera munthu. Ndinachita mantha oopsa ndipo ndinatuluka liwiro kulowera kukaphiri kuja.

"Anesi, mukuthawa?" mkazi uja anandikuwira. "Munthuyu mukusiyira ndani?"

Sindinacheuke. Pamwamba paja ndinaimbira a Mwale, ndikupuma wefuwefu.

"Chifuwa chauma?" anafunsa.

"Ayi, koma ndabaya kale tiwiri."

"Ndiye mukutani kuphiriko, mayi? Wirikizani mlingo mphindi zisanu zilizonse. Musawerenge mabotolo, mverani chifuwa. Tsikani msanga."

Wodwalayo ndinamupeza milomo itayamba kuda. Ndinabaya tinayi, kumvera chifuwa, chikuwirabe. Ndinabaya tisanu ndi titatu, galasi la kabotolo n'kundicheka chala osamva. Mkazi uja anagwira mutu wa mwamuna wake chammbali kuti thovu lisamutsamwe, maso ali pa ine. M'kabati munatsala timabotolo titatu tokha pamene ndinaikanso choyezera pachifuwa n'kumva mpweya ukulowa mouma. Ndinakhala pansi pasimenti. Ambulansi imene a Mwale anatumiza inafika dzuwa litapendeka n'kumutengera ku boma.

Patapita masabata atatu anabwera onse awiri, bamboyo akuyenda yekha.

"Tsiku lija ndimayesa mwathawa, anesi," mkaziyo anatero akuseka.

Ndinamuyankha kuti ndinapita kukaimba foni, koma mumtima ndinadziwa kuti sananame. Mlingo wake ndinkaudziwa, unali m'buku la patebulo pomwepo. Sindinkaopa kwenikweni kuti bamboyo amwalira, ndinkaopa kuti amwalira ndi jakisoni wanga. Anamwino atsopano ndimawauza zimenezi osabisa: mantha akakugwira, dzifunse ngati ukuopera wodwala kapena dzina lako. Ine ndinaopera dzina langa kwa mphindi khumi ndi zisanu, munthu akumira pabedi.