Mpata M'dengu la Waya

Inu amene mtima uli m'mwamba chifukwa cha mawa la ana anu, takhalani pansi pang'ono. Nkhaniyi ndi ya mayi wina amene nyumba yake ndi yanga zimagawana khoma. Zambiri anandiuza yekha tikuyanika zovala, zina ndinaziona ndi maso.

Tsiku limene alamu ake anabwera ndi chikwama chopanda kanthu, mayiyu anali atangotaya matimati owola kuseri kwa nyumba. Mwamuna wake anali atamwalira. Mpamba wa matimati, amene ankayenda nawo m'misewu dengu lili pamutu, unali utathera ku matenda ndi maliro. M'nyumba munatsala mphasa, mbaula, ndi kamtsikana kake kosayamba sukulu.

Alamuwo, mlongo wake wa malemu, anakhala pamphasapo. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Mlamu, ine sindinabwere kudzakangana. Mwanayu ndi magazi a mchimwene wanga. Taonani mmene tsitsi lafiirira. Mulongedzereni, akakhale kwathu."

"Alamu, ndipatseniko nthawi."

"Nthawi mwana sadya. Koma chabwino, mpaka sukulu zitsegulire. Mukadzakhala mulibe ntchito yokhazikika, ndidzalowa osagogoda."

Chikwamacho sanabwerere nacho. Anachikoleka pamsomali kuseri kwa chitseko, moti mayiyu akamatseka chitseko ankakumana nacho maso ndi maso.

Mayiyu anayenda m'mageti ambiri kufuna ntchito, nsapato mpaka kutha chidendene. Kenako mnzake wa kumsika anamunong'oneza kuti kufakitale ya mkaka akufuna munthu wonyamula madengu mu labu. Anaseka koyamba chichitikire maliro. "Madengu? Amenewo ndiye ndinabadwa nawo."

Anamulemba mongoyesa. Akachita bwino, adzamukhazika.

Labu inali chipinda choyera mbee, chonunkha sopo. Mkaka usanatuluke kukagulitsidwa, ankatapako pang'ono m'timabotolo tagalasi n'kuuyeza ngati uli ndi tizilombo. Botolo lenilenilo likakhala ndi kachilombo, mkaka wabwinobwino umaoneka woipa. Ntchito yake inali kutsuka mabotolowo, kuwasanja m'madengu a waya, n'kupita nawo kumapeto kwa kolido, kumene kunali mphika waukulu wachitsulo wopha tizilombo ndi nthunzi.

Mphikawo antchito ankautcha Apongozi, ati chifukwa umang'ung'udza tsiku lonse ndipo suuyandikira usanazizire mtima. Woyendetsa wake anali bambo wachikulire amene aliyense ankangomuti a Nthunzi. Iwowa ndi amene anamupatsa mayiyu dzina, tsiku loyamba lomwe.

"A Matimati, dengu ili si la kumsika. Musamadzaze. Muzisiya mpata."

Anavomera ndi mutu, koma mumtima anati akungondimvera chisoni awa. Kumsika dengu losadzaza ndi manyazi. Amene wabwera ndi la theka, aliyense amadziwa kuti mpamba wamuthera. Komanso abwana akadutsa n'kumuona atanyamula kadengu kopepuka, sadzati mayi uyu ndi waulesi? Choncho ankasanja mabotolo monga ankasanjira matimati: kupanikiza bwinobwino, kutseka kampata kalikonse, pamwamba n'kuikapo ena a basela.

A Nthunzi ankangochotsako ena uku akudandaula. "Mukufuna Apongozi atsamwidwe inu?" Iye n'kuseka, mawa lake n'kudzazanso.

Ndiye sabata ina a Nthunzi anadwala. M'malo mwawo munabwera munthu wa mbali ina ya fakitale, wongodziwa kutseka chitseko cha mphika ndi kudina batani. Madengu analowa mmene anabwerera, odzaza tho. Mayiyu anaweruka akumva kukoma. Ntchito ya tsiku lonse anali ataimaliza dzuwa likadali pamutu.

Zotsatira zitatuluka, mkaka wonse unaoneka kuti uli ndi tizilombo. Anautsekera m'chipinda chozizira. Malole anaima pageti, madalaivala akutukwana. Atauyezanso ndi mabotolo ena, mkaka unapezeka kuti unalibe vuto, koma wina unali utachedwa kale moti sakanaugulitsanso.

Pakati pa dengu lililonse ankaikapo kapepala kamizere, kamene kamada nthunzi ikafikapo. Atafufuza m'madengu a mayiyu, anapeza timapepalato tili toyera monga anatiikira. Nthunzi inali isanafike pakati.

Abwana a labu, mayi wamagalasi wosaseka wamba, anamuitana.

"Anakuphunzitsani ndani kudzaza chonchi?"

Mayiyu anati, "Njala, bwana."

Abwanawo anatola dengu lopanda kanthu, nalikweza pawindo pamene pankalowa dzuwa.

"Mukuona chiyani?"

"Waya."

"Ine ndikuona mabowo. Fakitale inagula mabowowa, wayayu ndi wongowagwirizira. Nthunzi ikasowa podutsa, mwanyamula pachabe, ngakhale msana utathyoka." Anaika dengulo pansi. "Wodina batani uja nayenso ali ndi lake, sanayang'ane timapepala. Koma inu kukukhazikani pano sindingathe. Ndikuwonjezerani nthawi yoyesa. Zikadzachitikanso, musadzadikire kuti ndikuitaneni."

Mayiyu anawerengetsa ali chiimire: sukulu zidzatsegulira nthawi yoyesayo isanathe.

Masiku amenewo mwana ankamusiya kwa ine. Tsiku limenelo atabwera kudzamutenga, anamugwira dzanja mwamphamvu moti mwanayo anati, "Amayi, mukundipweteka." Sanamve.

M'mawa mwake anapitabe kuntchito. Apa ndi pamene ndimamupatsira ulemu, chifukwa ena tikanagona ndi manyazi.

Kuphunzira kunyamula zochepa kunamuvuta kuposa kusenza katundu wolemera. Akasanja mabotolo motalikirana, manja ankamuyabwa. Ankapezeka watola kale lina, n'kulibweza. Kolido ija anaiyenda mpaka miyendo kutupa, chifukwa dengu lopepuka limafuna maulendo ambiri. Anzake sanamusiye.

"A Matimati achepetsa mulu. Zinthu zakwera mtengo kodi?"

"Zakwera," ankayankha choncho, n'kupitirira.

A Nthunzi atachira anamuonetsa zina: zotsekera asamazimange kwambiri, mabotolo aakulu asamatchinge aang'ono, dengu lotentha asamalithamangire. Mphika ukazizira, chinthu choyamba chimene iye ankafuna chinali kapepala kaja. Akakapeza kakuda bii, m'pamene ankapuma.

Kunyumba kokha ndi kumene sanasinthe. Alamu ake akatumiza sopo, ankabweza. Akatumiza uthenga wofuna kumuona mwana, ankati akudwala chimfine. Akamva mapazi panja, ankamukokera mwana m'kati. Ankaopa kuti akangolola chala, dzanja lonse lipita.

Loweruka lomaliza sukulu zisanatsegulire, alamu aja analowa osagogoda, monga ananenera.

"Ntchito ija akukhazikani?"

Akanatha kunama. Yunifomu ya kufakitale inali pachingwe panja, aliyense ankaiona.

"Ayi, alamu. Ndikadali woyesedwa. Ndinalakwitsa."

Alamuwo anatambasula dzanja, nachotsa chikwama pamsomali. Mwana anali pakhomo, akuyang'ana uku ndi uku, amayi ake ndi azakhali ake. Mayiyu anamuona mmene waimira, mapewa atakwera, kupuma komwe akuchita kuba. Akuti pamenepo anakumbukira timapepala toyera tija, pakati pa dengu pamene palibe chinafikapo.

"Alamu, takhalani kaye. Mwanayu ndamupanikiza. Ndakubisirani ngati ndinu wakuba, pamene ndinu azakhali ake. Kumutenga yense, mundipha. Koma ndekha sindikwanitsa, zimenezo ndavomera. Akaweruka kusukulu azibwera kwanu, adye, asewere ndi anzake. Ine ndikaweruka ndizidzamutenga, azigona pano."

Alamuwo anakhala pansi, chikwama chili pamiyendo.

"Mukudziwa kuti akamaseka amaseka ngati bambo ake?" anatero. "Chimwalirire mchimwene wanga, kuseka kumeneko sindinakumvepo. Mumanditsekera kunja, mlamu."

"Ndinkaopa."

"Nanga ine sindinkaopa? Ndinkati tsiku lina ndidzamva kuti mwasamuka naye." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Chabwino, tiyese zanuzo. Koma tsitsilo ndizimuluka ine. Inu mumaluka ngati mukumanga mtolo wa nkhuni."

Chikwama chija sichinabwererenso pamsomali. Chinakhala cha mabuku, chomapita m'mawa n'kubwera madzulo.

Nthawi yoyesa itatha, abwana amagalasi aja anangoti, "Mawa mubwere ndi chithunzi chanu cha pakhadi la antchito okhazikika," n'kupitiriza zimene ankachita. Mayiyu anakalirira kuchipinda chosinthira zovala. Ndipo popeza Loweruka mwana ankaswera kwa azakhali ake, anapeza mpata wobwerera kusukulu ya akuluakulu. Mayeso amene anamukanika ali mtsikana anawalembanso. Ulendo woyamba samu inamugwetsa. Wachiwiri anakhoza.

Lero a Nthunzi anapuma pantchito, ndipo amene amayendetsa Apongozi ndi a Matimati. Wantchito watsopano akabwera ndi dengu lodzaza tho, nkhope ili ndi mantha ofuna kuoneka wolimbikira, sam'kalipira. Amatola dengu lopanda kanthu, n'kulikweza pawindo.

Ife amayi mantha timawadziwa. Ena timadzuka kukamvetsera ngati khanda likupuma. Manthawo ndi amene amatiuza kuti senza zonse wekha, usapemphe, usaoneke wopepuka, ukasiya kampata akulanda. Koma mwaona nokha: mayiyu anatsala pang'ono kutaya ntchito ndi mwana yemwe, osati chifukwa cha ulesi, koma chifukwa chopanikiza.

Ngati mwalakwitsa pamene simunayenere kulakwitsa, m'mawa dzukani mupitebe. Ngati katundu wakukulirani, tulaniko wina, muyende kawiri. Ngati pali dzanja limene mwakhala mukulibweza, liyang'aneninso bwino. Mtima wokhawo ndi umene musautule pansi. Gwirani mwana wanu, koma musiyireni popumira.